AChikuto ndi Kabuku Komaliza ka Chipsera

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi mwana wa malemu mlongo wanga, uja wosoka zovala pakhonde, amene mumsewu mwathu timangomutcha Telala. Anabwera ndi makalata onse, ena atachita kuwatenga kwa mchimwene wake, atawamanga ndi kansalu kotsala pa diresi la munthu, nakhala pampando wanga wothyoka mwendo uja, n'kuyamba kundiwerengera akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Ine sukulu ndinangoidutsa kuseri, zilembo kwa ine ndi nyerere zosochera, koma khutu ndili nalo. Chalowa umu chalowa. Amene akukayika apite akamufunse yekha, koma atenge buluku long'ambika, asapite chimanjamanja.

Dziwani kaye anthu ake. Bambo ake a Telala, mlamu wanga, anagwira ntchito yomanga mabuku moyo wawo wonse, mpaka dzina lawo lenileni linatayika, aliyense amangoti aChikuto. Ntchito anapuma koma zida sanasiye. M'kachipinda kakuseri muli chimpeni chodulira mapepala chokhala ndi mkono wautali, chitsulo chopanikizira, singano, ulusi, ndi chitini cha guluu chimene fungo lake limakulonjera usanagogode. Mwana wawo wamwamuna, mchimwene wake wa Telala, amayendetsa basi mumzinda wakutali, ndiye timamutcha Dalaivala. Bambo ndi mwanayu ndi atambala a khola limodzi. Ulendo womaliza anasiyana moipa chifukwa cha timabuku ta zithunzi, tija ta anthu oyankhulira m'mabaluni, bambo atanena pamaso pa alendo kuti mwamuna wandevu wowerenga zimenezo ndi wofunika kumugulira thewera. Masiku amenewo mafoni anali asanaswane ngati nsabwe, ndiye nkhondo yonse inadutsa ku positi.

4 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Bondo la bambo likuti bwanji? Amalume akadali kuyankhula osapumira? Ine ndilipo, msana wokha ndi umene ukukangana ndi mpando wa basi.

Denga la chipinda changa likudontha, mwini nyumba amangoti mawa, mawa, ndipo khoma lachita chuku. Choncho ndatumiza katoni. Muli timabuku tanga tonse ta Chipsera. Si Chipsera wamba ayi, ndi toyambirira tija, tojambulidwa ndi mwini wake asanakangane ndi osindikiza. Totuluka pambuyo pake ndi madzi okhaokha. Ndatisaka zaka zonsezi, katsala kamodzi kokha, komaliza. Uike katoniyo pamwamba pa kabati, pouma. Zina ndilemba mawa, basi ikundiyembekeza.

Ndine mchimwene wako.

Amalume osapumirawo akunena ine, koma ndinamukhululukira. Chipsera ameneyu, kuti musasochere, si munthu wa mumsewu mwathu, ndi munthu wa m'timabukumo: mbava, chidakwa, wamwano, wa chipsera chochokera pakhutu mpaka pachibwano, koma akafuna kumenya amasankha oipa kuposa iye. Ukagwa sangakudzutse, koma amene wakugwetsayo sagona kwawo.

19 Febuluwale

Achimwene,

Tili bwino, kaya inu. Bondo la bambo limadziwa za mvula kuposa wailesi.

Katoni yafika koma ngodya imodzi inanyowa m'njira. Ndinaiika pakabati monga munanenera. Koma inu mukuwadziwa bambo, pepala lonyowa amalinunkhiza ali kubafa. Ndinangopita kukagula zipi, pobwera ndinapeza timabuku tonse atatitulutsa m'mapulasitiki, atatiyala pabedi ndi patebulo kuti tiume. Osindikiza anatukwanidwa mpaka agogo awo. Akuti timawaya tomangira tachita dzimbiri ndipo dzimbirilo likudya pepala, akuti amene anamanga timabukuti ndi wofunika kumangidwa iyeyo.

Chodabwitsa, za thewera sanatchule. Anatinyamula n'kulowa nato kuseri, ndipo chakudya ndikuwapititsira komweko. Ndikafunsa amati, "Soka zako." Mwina mtima wayamba kufewa. Kalata yanu ya mawa ija sinafike. Kodi mawa lanu ndi pachibale ndi la mwini nyumba?

Mlongo wanu.

Apa ndi pamene satana anakhalira pansi n'kupinda miyendo. Kalata ya mawa ija Dalaivala analembadi, koma wa positi anaiponya kusitolo ya misomali, ndipo inagona pansi pa bokosi la maloko mwezi ndi kanthu. Imvani zimene zinali m'menemo.

5 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni kachiwiri. Tsopano tchera khutu. Timabukuto usatitulutse m'mapulasitiki. Usatipinde, usatiike padzuwa, usazule kawaya ngakhale kachite dzimbiri bwanji. Kwa ife osonkhanitsa, kabuku kamakhala kamoyo kakakhala momwe kanatulukira: chikuto chake, timawaya take, ngakhale masamba a malonda a sopo akumapeto aja. Ukachotsapo chimodzi, kafa.

Ndipo koposa zonse, bambo asayandikire. Manja awo akaona pepala lomasuka amayabwa. Akafunsa uwauze kuti m'katonimo muli zovala zamkati.

Mchimwene wako.

28 Malichi

Achimwene,

Moni. Ngati mukuwerenga muli chiimire, khalani pansi. Ngati muli pa chiwongolero, imikani basi.

Kalata yanu ya pa 5 Febuluwale yafika dzulo, wabwera nayo ndi wa sitolo ya misomali. Ntchito inali itatha kale.

Sindizungulira. Timawaya tonse anazula. Masamba a malonda anang'amba, akuti buku si msika. Timabuku tonse anatisanja n'kutisoka ndi ulusi kukhala buku limodzi, kenako analiika pa chimpeni chija n'kudula m'mbali monse kuti mufanane. Kunja anakuta ndi chikopa chakuda cha sutikesi ya malemu amayi, ija sankalola munthu kuikhudza, ndipo pamsana analemba CHIPSERA ndi zilembo zagolide.

Mufunsa za zikuto. Akuti buku limodzi silikhala ndi nkhope zambirimbiri. Koma akutinso pepala lake linali lolimba bwino, kulitaya ndi tchimo. Ndiye anazimata zonse ndi guluu, china pamwamba pa chinzake, n'kuzipanikiza mpaka zinasanduka mabolodi awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo. Zili m'kati mwa chikopacho. Sizinatayike, koma simudzazionanso.

Achimwene, bukulo ndi lokongola, ndikulumbira. Amafuna kudzakudzidzimutsani. Dzulo nditawawerengera kalata yanu anangoti, "Zovala zamkati, eti?" n'kulowa kuchipinda.

Musakwiyire ine, ndinangopita kukagula zipi.

Mlongo wanu.

6 Epulo

Telala,

Moni ndilibe. Kalata iyi uwawerengere bambo mokweza, usadumphe liwu.

Bambo, munapha zinthu zanga n'kuziveka suti. Mukudziwa komwe ndinatola timabuku timeneti? Kachitatu kaja ndinakapeza kwa wometa tsitsi, ndinamuyendera mpaka anayamba kundibisalira, potsiriza ndinamusiyira jekete langa n'kubwerera m'mphepo ndi malaya okha. Kaja Chipsera amaba ambulansi ndinakalanditsa m'manja mwa mayi wina akufuna kukulungira nsomba. Anzanga akamapita kokamwa ine ndimakhala m'misika, nditagwada pa milu ya mapepala ngati nkhuku yofukula. Chikuto chilichonse ndimachidziwa ngati nkhope ya mwana wanga. Inu mwazisandutsa thabwa!

Anakupemphani ndani? Moyo wanga wonse, chilichonse changa mumachiona chopindika, chofunika kudula m'mbali. Tsitsi langa, ntchito yanga, mayendedwe anga. Ineyo munalephera kundiika pa chimpeni chija, ndiye mwaikapo mabuku anga. Ndipo musabisale kumbuyo kwa sutikesi ya amayi. Amayi akanayamba afunsa.

Pakhomopo sindidzapondanso. Bukulo lisungeni, muzitsamira.

Chinanso, kuti chikuwaweni: komaliza kaja ndakapeza, sabata yomweyo imene inu mumanola mpeni. Katsopano, kosatsegula, kakadali m'pulasitiki yomata ya kufakitale. Kameneka simudzakakhudza mpaka kalekale.

Telala akuti anawerengadi osadumpha. Mlamu wanga anamvetsera maso ali pakhoma, kenako anati, "Ndipatse pepala. Labwino, osati la m'kope lako la miyeso." Munthu amene anali asanalemberepo mwana wake kalata chibadwire!

15 Epulo

Kwa mwana wanga woyendetsa basi,

Ndikupatsa moni ngakhale iwe unandimana, chifukwa ine ndinaleredwa. Tili moyo.

Ukuti ndinapha. Dzimbiri linali litadya kale pakati pa timabuku tambiri, tina masamba ake amathothoka ngati nthenga za nkhuku yodwala. Pulasitiki yakoyo imasunga chinyontho, sukudziwa? Ukanadzatsegula tsiku lina n'kupeza phala. Chimene ndamanga ine adzawerenga adzukulu a adzukulu ako, ngati udzapeze mkazi wolola kupikisana ndi mapepala.

Koma si chimene ndikulembera. Womanga mabuku sasoka chimene sanawerenge, kuopa kusokoneza masamba. Ndiye ndinawerenga. Chipsera wakoyu ndi galu. Mayi uja wochapa zovala anamubisa apolisi akumusaka, iye pochoka n'kumubera wailesi. Ndinatsala pang'ono kumuponya pa windo. Koma zimene anamuchita mwini mgodi uja wotsekera anthu pansi, pamenepo ndinavomera, ngakhale ine ndikanamuwonjezera ziwiri.

Tsopano tamvera. Patsamba lomaliza limene ndili nalo, Chipsera ali m'nyumba yosungira katundu, moto wagwira denga, dzanja lake lamangidwa unyolo umodzi ndi wapolisi uja wakhala akumusaka chiyambire, wapolisiyo wakomoka, ndipo pafupi pali nkhwangwa. Basi, pepala latha. Mwana wopanda ulemu iwe, munthu amatumizira bambo ake nkhani yotere yopanda mathero? Kumsana kwa buku ndasiya malo a kabuku kamodzi. Tumiza msanga.

Ndine bambo ako, ufune usafune.

24 Epulo

Bambo,

Moni, poti mwaumirira. Ayi.

Matewera aja mugule awiri, lina lanu. Mmene zinathera ngakhale ine sindikudziwa, chifukwa kameneka sikatsegulidwa. Ndi mmene timasungira.

Mwana wanu.

2 Meyi

Iwe,

Kabuku kosatsegula si kabuku, ndi njerwa. Wasaka zaka zonsezi kuti ukhale mlonda wa pulasitiki? Nkhwangwa ija adula nayo unyolo kapena adula dzanja la wapolisi? Ndikumudziwa, angathe. Tumiza.

Bambo ako.

Iyi sinayankhidwe. Meyi anatha, Juni analowa, kuli zii. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo udzu wake unali Telala.

20 Juni

Achimwene,

Moni uyu ndi womaliza. Ndatopa. Ine ndine telala, si bokosi la positi.

Inu mwakhala chete ngati mwafa, kuno munthu sakudya. Makasitomala anga akabwera kudzayesa madiresi, bambo akuwaimika pakhomo n'kumawafunsa kuti munthu womangidwa pamodzi ndi mdani wake m'moto angatani. Mayi wina wathawa ndi nsalu yake. Sabata yatha anayenda ndi bondo lija m'masitolo onse a mabuku mpaka kumsika wa zakale, kufunsa kabuku komaliza ka Chipsera, anthu akuwaseka. Pobwera anachita kuwakankha pa wilibala, msewu wonse ukuonerera.

Ndipo pali china chimene anandiletsa kukuuzani, koma ndatopa n'kusunga za anthu. Maso akutha. Adokotala akuti ndi ng'ala, onse awiri. Buku lanulo analisoka mphuno itagunda pepala, ulusi ndimawalowetsera ndine pasingano. Tizilembo ting'onoting'ono tija anawerenga ndi galasi lokulitsira, tsopano nalonso lakana.

Sindikuti anachita bwino. Analakwa, ndinawauza, anandithamangitsa ndi burashi ya guluu. Koma inunso ndinu bambo anu okhaokha, mwangosiyana imvi. Bwerani mudzatenge buku lanu mwezi uno usanathe. Mukapanda kubwera ndikalipereka kwa wogulitsa makala azikolezera moto, kuti nonse awiri mulire maliro amodzi.

Mlongo wanu, amene watsala pang'ono kusiya.

Makalata athera pamenepa. Zotsalazi sanandiuze munthu, ndinaona ndekha, chifukwa tsiku limene Dalaivala anatulukira ndinali pakhondepo, Telala akundipindira buluku.

Anafika dzuwa likupendeka, kachikwama paphewa, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa. Ine anandipatsa moni wa theka. Mpando anakana.

"Lili kuti?"

Mlamu wanga anatuluka nalo atalifungatira ngati khanda, n'kuliika patebulo, phi! Dalaivala analitembenuza, analinunkhiza, anakanda chikopa ndi chikhadabo pamene panagona zikuto zake. Atalitsegula, bukulo linagona lokha chagada, osafuna kuchita kuligwirizira. Ndinaona kuti ubwino wakewo ndi umene ukumuwonjezera ukali.

"Taonani apa! Mwadula chipewa cha Chipsera! Mpeni wanu wadya chipewa!"

"Chipewa chokha. Mutu ulipo."

"Awa ndi manda, bambo. Manda okongola."

"Manda amatsegulidwa? Manda ndi ako aja a pulasitiki. Wabwera nako?"

Dalaivala anapisa m'jekete n'kukatulutsa, kali pakati pa makatoni awiri, kakunyezimira. Dzanja la mlamu wanga linanyamuka lokha.

"Manja!" anakuwa Dalaivala. "Ndabwera nako kuti mukaone ndi maso basi, mudziwe mmene chinthu chosawonongedwa chimaonekera."

"Achimwene!" anatero Telala, makina n'kuima.

"Musiye," anatero mlamu wanga. "Iwe, ukundikuwira m'nyumba mwanga?"

"Inu munandidulira m'nyumba mwanu!"

Ine ndinayesa kulowererapo, ndinati, "Alamu, nawenso mwana wanga, mutu umodzi susenza..." Onse awiri anatembenuka n'kuti, "Inu khalani chete!" Tsiku lonselo anagwirizana pamenepo pokha.

Kenako mlamu wanga anakoka buku lija natsegula chakumapeto, n'kubaya tsamba ndi chala.

"Taona! Taona wekha pamene wandisiya! Moto uwu, unyolo uwu, nkhwangwa iyi, ndipo iye akuti, 'Dzuka wapolisi iwe, usafere pa dzanja langa, ndine wotanganidwa.' Munthu angagone atasiyidwa pamenepa?"

Mawuwo ananena osaphonya. Koma chala chinali pa tsamba lina, pamene Chipsera akungodya buledi pabenchi, popanda moto, popanda nkhwangwa. Ngakhale ine wosaphunzira ndinaona. Dalaivala anayang'ana chalacho, anayang'ana mlongo wake, Telala n'kuyang'ana makina ake.

"Ndinyamuka ndi basi yoyamba," anatero Dalaivala, mawu atatsika koma akadali ndi minga. "Ndipo sindinakukhululukireni."

"Wapempha ndani?"

Anabweza kabuku m'jekete, ndipo akuti anagona nako pa sofa, jekete osavula.

M'mawa mwake ndinalawirira kuti ndikamunyamulire chikwama kudepoti, poti mwana wa mlongo wako sumusiya apite yekha ngakhale akhale wamwano. Pakhonde panalibe munthu. Phokoso limachokera kuseri, ine ndinati basi, aphana.

Ndinasuzumira. Telala anali atakhalira bokosi la zida, sizasi ili m'manja, pansi pali kachidutswa ka pulasitiki. Dalaivala anali patebulo, manja atasamba mpaka m'zigongono, kabuku kali kotsegula pa nsalu yoyera, akutembenuza tsamba ndi nsonga ya chala ngati akugwira diso la munthu. Mlamu wanga anali atawakhazika pa kampando, manja onse kumbuyo ngati wogwidwa ndi apolisi, khosi lokha litatalika.

"Apa watola nkhwangwa," Dalaivala amatero. "Akuyang'ana unyolo. Akuyang'ana mkono wa wapolisi. Akuti, 'Mnofu ndi wofewa kuposa chitsulo.'"

"Galu! Ndinanena ine! Galu ameneyu!"

"Mukakuwanso ndisiya."

"Werenga!"

Ine ndinati, "Dalaivala, basi ija ikupita."

"Ipite, amalume. Basi ndimazidziwa, ibwera ina."

Anapitiriza, koma pang'onopang'ono, chithunzi chilichonse akuyamba wachiyang'anitsitsa yekha asanachifotokoze, poti nayenso kanali koyamba kuchiona. Mlamu wanga anapirira, anapirira, kenako ndinaona phewa lakumanja likutsetserekera kutebulo.

"Bambo, manja kumbuyo!"

"Ali kumbuyo, chitsiru iwe! Tembenuza tsamba, denga likugwa!"